Mlaga wa Lachitatu ndi kabokosi kanga ka nyimbo

Popeza nkhani ya mlaga wa Lachitatu lapitali yazungulira kale Chilomoni yense, mpaka kondakitala wina wa minibasi anandiitana kuti “a DJ” ndikukwera pa siteji, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha anthu asanaithire mchere wina. Si zoona kuti ndinavina, ndipo si zoona kuti ndinathawira kubafa. Zotsalazo, mwatsoka, n’zoona.

Ndikufuna mudziwe kaye kuti kabokosi kameneka sindinakagule mwachimbulimbuli. Ndinatha masabata atatu ndikuyerekeza ma streamer usiku uliwonse, mayi a kunyumba ali m’tulo. Streamer ndi kachipangizo kamene kamalumikizidwa ku WiFi ya m’nyumba n’kumadzikokera nyimbo pa intaneti, kenaka n’kuzipereka ku ampulifaya kudzera pa chingwe, ndipo foni imangogwira ntchito ya rimoti. Apa ndi pamene imasiyana ndi Bluetooth, imene imafuna kuti foni isatalikire kupitirira mamita ngati 10, ndiponso imaulutsa pa masipika kulira kwa uthenga uliwonse wa pa WhatsApp, ngakhale wa munthu amene akukukumbutsa ngongole.

Ndinayamba ndi Chromecast Audio, koma ndinapeza kuti Google inasiya kuipanga mu 2019, kotero ikanakhala yogwiritsidwa kale ntchito. Bluesound Node ya ku Canada ndinaikonda, mpaka pamene ndinasintha mtengo wake kukhala makwacha. Pamenepo ndinaika foni pansi mwaulemu n’kukamwa madzi. Sonos Port inandichititsanso chimodzimodzi. WiiM Mini ndi kakang’ono ngati chivindikiro cha botolo, koma kalibe polowetsa chingwe cha intaneti, kamangodalira WiFi, pamene mkulu wake WiiM Pro ali napo. Zonsezi ndinazilemba m’kope, m’mizere ndi m’madanga, monga munthu amene akukonzekera kugula galimoto. Kamene ndinasankha sindikatchula dzina, chifukwa kalibe mlandu. Msuweni wanga anakabweretsa kuchokera ku Johannesburg, ine n’kukakalandira pa Wenela nditavala jekete.

Kukalumikiza ku WiFi kunandidyera Loweruka lonse. Rauta yathu, chipangizo chimene chimagawa WiFi m’nyumba, imaonetsa mayina awiri, lina la 2.4 GHz ndi lina la 5 GHz, ndipo ine ndinasankha 5 poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yaulemu. N’zoona kuti 5 GHz imathamanga, koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma, pamene 2.4 GHz, ngakhale ndi yoyenda pang’onopang’ono, imaboola n’kufika patali. Rauta ili kuchipinda, ampulifaya ili pabalaza, ndipo pakati pali makoma awiri a njerwa zowotcha amene mmisiri sanaumire simenti. Kanyali ka streamer kanangophethira ngati kakundiseka. Nditasintha, pasiwedi inakanidwa kasanu chifukwa ndinkalemba chilembo O pamene panayenera kukhala ziro. Itavomera, pulogalamu ya pa foni inati siikuona chipangizo chilichonse, chifukwa foniyo inali pa bandulo yakeyake. Malangizo amanena poyera kuti foni ndi streamer ziyenera kukhala pa netiweki imodzi. Chiganizo chimenechi ndinachiwerenga kanayi, koma sindinaime n’kuganizira mbali yake ina, yakuti foni iliyonse imene ili pa netiweki imeneyo ikhoza kukalamulira kabokosiko. Potsiriza pulogalamu inandipempha kuti ndikapatse dzina, ndipo ndinalemba kuti “Pabalaza”.

Lachitatu mlaga unali kwathu. Ndinakonza zoti mapemphero akatha, tiyi akamabwera, nyimbo za kwaya ziyambe zokha popanda wina kudzuka pampando, kuti akuluakulu aone kuti zinthu zinasintha. Choncho ampulifaya yanga yakale, imene ndinagula ku Limbe ndisanakwatire, ndinaisiya yoyaka pa shelefu kuseri kwa sofa. Ndiyeno ine mwini, ndi mawu a mwininyumba, ndinapempha aliyense kuti azimitse foni, n’kuyamba ndi yanga pamaso pa onse.

Tinaimba nyimbo ziwiri, tinawerenga mawu, kenaka a mkulu wa mpingo anati titseke maso. Atangofika pa kupempherera odwala, kuseri kwawo kunagunda ng’oma ya amapiano, ija imagunda pansi penipeni mpaka makapu kunjenjemera m’kabati. Inayamba motsika, moti aliyense anayesa kuti ikuchokera ku bala ya kumsika. Kenaka inakwera. Inakweranso. Woimbayo anayamba kufotokoza, m’Chichewa chomveka bwino, zimene akufuna kuti mtsikana wina achite ndi chiuno chake.

Palibe anatsegula maso. Anthu 14 anakhala chiweramire ngati kuti kusaona ndi kusamva n’chimodzimodzi. A mkulu wa mpingo, amene sanagonjepo pa pemphero chibadwire, anangokweza mawu, ndipo nyimbo nayo inakwera ngati yamva kuti pali mpikisano. Iwo akati “Chiritsani”, ng’oma inkayankha kawiri. Ine ndinatsegula diso limodzi ndipo ndinaona chinthu chimene ndidzafa nacho: phazi la agogo ena a Mvano, amene amatidzudzula tikaomba m’manja mopitirira muyeso, linali kugunda pansi motsatira bwinobwino kayimbidwe kake, chala chachikulu chikutsogolera. Nkhope yawo inali ya maliro, koma phazilo linali pa ukwati.

Ndinasolola foni m’thumba n’kuiyatsa, ndipo inayamba ndi kundionetsa chizindikiro cha kampani, kenaka inandifunsa nambala yachinsinsi, kenaka inalira kulandira mauthenga onse amene anadikira. Pa nthawi imeneyo ndinapempheradi, mwina kuposa wina aliyense m’nyumbamo, ndipo pempho langa linali limodzi lokha, lakuti magetsi azime. Magetsi amene amatithawa nsima ili pamoto, amene anazima pa tsiku la chinkhoswe cha mlongo wanga, tsiku limenelo anayaka mokhulupirika ngati alumbira.

Foni italowa pa WiFi ndinaimitsa nyimbo. Kunagwa bata, a mkulu wa mpingo anapuma mozama n’kunena kuti, “Tikuthokozani, Ambuye.” Nyimbo inayambiranso pomwe inalekera. Ndinaimitsa, inayamba. Ndinatsitsa voliyumu, inakwera yokha ndikuona ndi maso anga kamzere kakuyenda kupita kumanja. Bambo wina anayamba kudzudzula mizimu yoipa motsitsa mawu. Apa mayi a kunyumba anadzuka, anadutsa pakati pa miyendo ya alendo, anapinda dzanja kuseri kwa sofa n’kuzula pulagi pakhoma. Atatero anati, “Pitirizani, abambo,” n’kubwerera pamkeka.

Anthu akhala akundifunsa chifukwa chimene sindinazulire pulagiyo ndekha, kapena kungopotokola kabatani ka ampulifaya. Yankho langa ndi lakuti munthu amene watha masabata atatu akuphunzira kulamulira nyimbo ndi foni saganizanso za khoma. Komanso kuti ndifike pa soketiyo ndikanayenera kukwera pamsana pa a mkulu wa mpingo ali mkati mwa pemphero, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhani imeneyo ikanafika patali kuposa iyi.

Mzimu woipawo unapezeka m’mawa mwake, uli ndi zaka 19, ukutsuka mano kuseri kwa mpanda. Ndi mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe, amene ndinamupatsa pasiwedi chaka chatha pokonzekera mayeso a MSCE, titagwirizana kuti ndi ya tsiku limodzi. Ndinamufunsa kuti, “Iwe, unkachita chiyani dzulo madzulo?” Anati anatsegula Spotify, pulogalamu yomvera nyimbo pa foni, ndipo pansi panatuluka mawu akuti “Pabalaza”. Popeza nayenso anali pabalaza pa kwawo, anadina. Foni yake itakhala chete anayesa kuti sipika yafa, n’chifukwa chake ankakweza voliyumu, ndipo nyimbo ikaima ankaiyambitsanso uku akutukwana netiweki. Anamaliza ndi kundiyamikira kuti, “Koma bambo, wina m’dera muno ali ndi masipika amphamvu, nyimbo yanga yomweyo inkamveka chapatali.”

Pasiwedi ndinaisintha tsiku lomwelo. Chimene sindinaganize n’chakuti streamer nayo inkadziwa yakale yokha, kotero kanyali kake kayambiranso kuphethira, ndipo ndikudikira Loweruka lina lopanda maliro kapena ukwati kuti ndikhale nako pansi. Pakadali pano tikumvera wailesi. Agogo aja anakumana ndi mayi a kunyumba ku chigayo n’kufunsa ngati mlaga wa mwezi wamawa udzakhalenso kwathu.