Mmene ndinabweretsera nyanja ya mchere m'kalasi ku Mchinji

Ana anga a Folomu 3 sanaonepo nyanja ya mchere, ambiri ngakhale ya Malawi. Nditawauza kuti madzi a Bua, amene amayambira kwathu konkuno, amadutsa m'nyanja ya Malawi, Shire ndi Zambezi mpaka kukathira mu Indian Ocean cha ku Chinde ku Mozambique, mtsikana wina anafunsa: "Aphunzitsi, nanga mabakiteriya athuwa akakumana ndi mchere amafa?" Funsolo linandigoneka mochedwa.

Loweruka ndinakatunga madzi amatope kudambo, n'kuwasefa pansalu, n'kuwagawa m'mabotolo atatu. Madzi a m'nyanja yaikulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi, ndiye kuti masipuni aang'ono ngati 6. Botolo loyamba sindinathire mchere, lachiwiri theka la muyezowo, lachitatu wonse. Lililonse ndinatsinira shuga kuti mabakiteriya adye, komanso madontho ofanana a methylene blue. Mankhwalawa amasuluka mpweya wa okosijeni ukatha m'madzi, choncho buluu kuzimirira msanga ndiye kuti mabakiteriya akudya ndi kupuma mwamphamvu.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa. Mabotolo sindinawadzaze, ndipo mnyamata wina atakhutchumula limodzi, buluu uja anabwerera pompo chifukwa cha mpweya wotsala pamwamba. Tinayambiranso, kudzaza mpaka kukamwa, kutseka zolimba, n'kubisa m'katoni.

Lopanda mchere ndilo linayamba kuyera. Lamchere wambiri linakakamira buluu wake, poti mchere umakoka madzi kutuluka m'maselo, monga umachitira ndi nsomba yoyanika.

Apa ndinachedwapo dala, chifukwa botolo limanamiza. Kumathiriro kwa Zambezi mchere sukhala malo amodzi. Nyanja imadzaza ndi kuphwa pafupifupi kawiri patsiku, ndipo imatero kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena wakuda, ndiye matope omwewo mmawa ali m'madzi amchere, masana ali pamtunda kulandira mpweya. Mabakiteriya akumeneko anazolowera. Athu a kudambo tinangowadzidzimutsa. Komanso madzi a m'nyanja ali ndi mankhwala otchedwa sulphate amene mchere wathu wa m'khitchini ulibe. Pansi pa matope, popanda okosijeni, mabakiteriya ena amapumira sulphate ameneyu n'kutulutsa fungo la dzira lovunda, matope n'kuda bii. M'madambo mwathu timene timachuluka ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso totulutsa mpweya wa methane, thovu lija limabwadamuka ukaponda m'matope.

Mtsikana uja wapempha kuti sabata yamawa tiziwonjezera mchere pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, tione ngati athuwa angazolowere. Mabotolo atsuka kale.