Zionetsero za m'maiko a Aarabu mu 2011: amene anagamula anali asilikali

Anthu akamakamba za zionetsero zimene zinagwedeza maiko a Aarabu mu 2011, ambiri amathamangira kutchula Facebook ndi mafoni. Inde, zinathandiza kuitana anthu. Koma boma la Egypt litadula intaneti pa 28 Januwale 2011, makamu sanachepe, anthu anangotuluka m'nyumba kukaona okha zimene zikuchitika. Chimene chinasiyanitsa dziko ndi dziko ndi funso limodzi: mtsogoleri akalamula kuti anthu awomberedwe, asilikali amvera kapena ayi?

Chiyambi chake n'chodziwika. Pa 17 Disembala 2010, Mohamed Bouazizi, wogulitsa zipatso wa zaka 26 m'tauni ya Sidi Bouzid ku Tunisia, anadziyatsa moto akuluakulu a m'tauni atamulanda katundu wake. Anamwalira pa 4 Januwale, ndipo pa 14 Januwale Zine El Abidine Ben Ali, amene analamulira kuyambira 1987, anathawira ku Saudi Arabia. Sikunathe n'komwe mwezi.

Kugwa msanga kwa Ben Ali kuli ndi chifukwa chake. Iyeyo ankadalira apolisi ndi akazitape, pamene gulu lankhondo analisiya laling'ono, losauka komanso kutali ndi ndale, poopa kuti lingadzamulande boma. Apolisi atatopa ndi kuponya utsi wokhetsa misozi ndi kuwombera, panalibenso wina womufera. Asilikali analibe chotaya iye akachoka, choncho sanalimbane ndi anthu, ndipo atachoka sanakhumbire mpando.

Ku Egypt zinaoneka ngati zofanana, koma pansi pake zinali zina. Anthu anadzaza bwalo la Tahrir mu mzinda wa Cairo kuyambira pa 25 Januwale, tsiku limene boma limalemekeza apolisi (anasankha dala tsikuli), ndipo Pulezidenti Hosni Mubarak anatula pansi udindo pa 11 Febuluwale, patatha masiku 18. Akasinja atalowa m'bwalomo anthu ankawakwera n'kumajambulitsa, akuimba kuti asilikali ndi anthu ndi dzanja limodzi. Chimene ambiri sanachilingalire n'chakuti ku Egypt gulu lankhondo ndiye mwini boma. Kuchokera pamene mfumu inagwetsedwa mu 1952, atsogoleri onse, Naguib, Nasser, Sadat ndi Mubarak, anachokera ku usilikali. Gululi lili ndi mafakitale a simenti, madzi a m'mabotolo, zakudya, malo omwetsera mafuta ndi malo ochuluka omangapo, ndiponso limalandira thandizo la madola pafupifupi 1.3 biliyoni pachaka kuchokera ku United States. Akuluakulu ake sankakondwanso ndi mphekesera yoti Gamal, mwana wa Mubarak amene sanali msilikali, ndiye adzalowe m'malo mwa bambo ake. Ndiye anamutaya mkuluyo kuti apulumutse zawo, n'kutenga okha ulamuliro.

Zotsatira zake zinayenda motere. Mohamed Morsi wa gulu lachisilamu la Muslim Brotherhood anapambana chisankho mu Juni 2012 ndi mavoti ongopitirira theka pang'ono. Anapatsidwa nyumba koma makiyi anali ndi ena: makhoti, apolisi ndi asilikali sanali ake. Nayenso anadzionongera yekha mu Novembala 2012 pamene analengeza kuti zigamulo zake makhoti asazikhudze. Magetsi ankazimazima, mizere ya mafuta inkatalika, ndipo pa 3 Julayi 2013 mkulu wa asilikali Abdel Fattah el-Sisi anamuchotsa. Pa 14 Ogasiti otsatira Morsi amene anamanga misasa pa bwalo la Rabaa anabalalitsidwa ndi zipolopolo, ndipo bungwe la Human Rights Watch linati anaphedwa anthu osachepera 817 pamalo amenewa pokha.

Kumene asilikali ndi banja lolamula ali thupi limodzi, nkhani imasanduka nkhondo. Ku Syria, maudindo ofunika a usilikali ndi ukazitape anali m'manja mwa abale a Pulezidenti Bashar al-Assad ndi anthu a gulu lawo lachipembedzo la Alawi, amene ankaona kuti boma likagwa nawonso atha. Zionetsero zitayamba ku Daraa mu Malichi 2011 anawombera, asilikali wamba ena anathawa ndi mfuti zawo, ndipo nkhondo yapachiweniweni inakoka Iran, Russia, Turkey ndi ena. Bashar al-Assad anadzathawa pa 8 Disembala 2024, zaka pafupifupi 14 pambuyo pake, asilikali ake atasiya kumenya. Ku Libya, Gaddafi anafooketsa dala gulu lankhondo la dziko n'kulimbitsa magulu otsogozedwa ndi ana ake ndi anthu a fuko lake. NATO itathandiza kumugwetsa ndipo iye ataphedwa ku Sirte pa 20 Okutobala 2011, kunalibe gulu limodzi lotolera mfuti. Tauni iliyonse inatsala ndi ankhondo ake.

Mafumu anapulumuka onse. Saudi Arabia inamwaza ndalama za mafuta pa malipiro ndi nyumba, Morocco inapereka malamulo atsopano oyendetsera dziko mu Julayi 2011, ndipo ku Bahrain asilikali a Saudi Arabia anawoloka mlatho mu Malichi kukathandiza mfumu.

Tibwerere ku Tunisia, poti ndi kumene kuli zophunzira zenizeni. Mu 2013 dzikoli linatsala pang'ono kutsata Egypt. Andale awiri otsutsa, Chokri Belaid ndi Mohamed Brahmi, anaphedwa chaka chimenecho, ndipo anthu ankafuna boma lotsogozedwa ndi chipani chachisilamu cha Ennahda lichoke. Kunalibe mkulu wa asilikali wodikira pakhomo. M'malo mwake kunali bungwe la anthu ogwira ntchito la UGTT, lakale kuposa ufulu wa dzikolo, lokhala ndi nthambi m'chigawo chilichonse komanso mphamvu yoimitsa ntchito dziko lonse. Linagwirizana ndi bungwe la olemba anthu ntchito la UTICA, bungwe la maloya ndi bungwe loona za ufulu wachibadwidwe, n'kuika ndondomeko patebulo: boma litule pansi udindo, palowe nduna zopanda chipani, malamulo oyendetsera dziko amalizidwe, kenako chisankho. Ennahda inavomera, poona zimene zinagwera anzawo ku Cairo. Malamulowo anavomerezedwa mu Januwale 2014, ndipo mabungwe anayiwo analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2015.

Komabe mgwirizanowu unakonza za mipando, za m'thumba ayi. Achinyamata a digiri anakhalabe pa ulova, madera a m'kati ngati Sidi Bouzid anatsalirabe m'mbuyo poyerekeza ndi mizinda ya kugombe, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko silinakhazikitsidwe chifukwa zipani zinalephera kugwirizana za oweruza ake. Kamphako kameneka n'kamene kanadzalowetsa madzi. Pa 25 Julayi 2021 Pulezidenti Kais Saied anaimitsa nyumba ya malamulo, galimoto za asilikali zinatseka chipata chake, ndipo kunalibe khoti loti linene kuti walakwa. Anthu ambiri anatuluka usiku womwewo kukasangalala.

A ku Sudan anaziona zonsezi. Zionetsero zawo zinakula mu Disembala 2018 ku Atbara mtengo wa buledi utakwera kuchoka pa paundi imodzi kufika pa atatu. Asilikali atachotsa Pulezidenti Omar al-Bashir pa 11 Epulo 2019, anthu anakana kubwerera kunyumba, anakhalabe pa likulu la asilikali ku Khartoum kufuna boma la anthu wamba. Achitetezo anawabalalitsa mwankhanza pa 3 Juni, komabe anthuwo anakakamiza akuluakulu a asilikali kugawana nawo ulamuliro. Vuto linali lakuti Bashir anasiya magulu ankhondo awiri, lankhondo la dziko lotsogozedwa ndi Abdel Fattah al-Burhan ndi lapadera la Rapid Support Forces (RSF) la Mohamed Hamdan Dagalo. Awiriwa anagwirizana pochotsa anthu wamba m'boma pa 25 Okutobala 2021, kenako anasemphana pa nkhani yophatikiza RSF m'gulu lankhondo la dziko, kuti zitenge zaka zingati ndipo alamule ndani. Pa 15 Epulo 2023 anayamba kuwomberana mkati mwa Khartoum.