Zikomo kwa Mayi a ku Famase ya ku Johannesburg

Ndikufuna kuthokoza mayi ena ogwira ntchito pa famase ina kuno ku Johannesburg. Dzina lawo sindinafunse n'komwe.

Ndinasuta fodya zaka 19, ndudu 20 patsiku. Nditatopa ndi chifuwa ndinagula pa famasepo chingamu cha nikotini cha Nicorette, chothandiza kusiya fodya, n'kumachitafuna ngati chingamu wamba. Ntchintchi ndi nseru zinandikwana, ndipo ndinabwerera komweko kukadandaula.

Mayi inu simunandiseke. Munandifotokozera kuti ndizitafuna pang'onopang'ono, chikayamba kuyabwa m'kamwa ndizichisunga pakati pa tsaya ndi nkhama, kenako n'kutafunanso. Munati khofi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi ndizizipewa kwa mphindi 15 ndisanatafune, chifukwa zimalepheretsa nikotini kulowa bwino m'thupi. Munandiuzanso kuti kwa munthu wosuta kwambiri ngati ine, cha 4mg n'chimene chimagwira chibaba, cha 2mg chimachepa mphamvu.

Sabata ziwiri zoyambirira ndinali wolusa ngati njuchi. Mai a kunyumba, amene munapirira zonsezo, zikomo. Nanunso achimwene a kuntchito amene munasiya kundipatsa ndudu pa nthawi yopuma, ngakhale ndinkachita kukupemphani, Mulungu akudalitseni.

Lero yakwana miyezi 7 ndisanayatse ndudu.