Mpeni wa Gyuto M'khitchini ya Hotela

Wophika amene akufuna mpeni wa ku Japan ayambe ndi gyuto wotalika masentimita 21 kapena 24, chifukwa umadula bwino nyama, nsomba ndi ndiwo zamasamba. Mipeni yambiri yotereyi imasulidwa m'mizinda ya Sakai ndi Seki ku Japan, ndipo chitsulo chake n'cholimba kuposa cha mipeni ya ku Germany, motero imachedwa kubuntha koma imabenthuka ikagunda fupa kapena nyama ya mufiriji youma gwa. Ine ndimanola wanga pamwala wonyowa wa nambala 1000 (wokhakhala pang'ono), kenako wa 6000 (wosalala kwambiri), nditaupendeketsa pafupifupi madigiri 15.

Ngati chitsulo chake chimachita dzimbiri, muutsuke n'kuupukuta pomwepo mukangomaliza kudula mandimu kapena tomato. M'khitchini yotanganidwa, momwe mpeni umatha kuiwalika musinki, ine ndimakonda wosachita dzimbiri.