Mmene ndimadzalira gardenia kuno ku Lilongwe

Gardenia, kamtengo ka maluwa oyera onunkhira, ndimayamba ndi kanthambi, osati njere. Mu Disembala kapena Januwale, mvula itakhazikika, ndimadula nsonga ya nthambi yongoyamba kukhwima, yotalika masentimita 10 mpaka 15. Ndimadula mmunsi mwa mfundo, n'kuthothola masamba kusiya awiri akumtunda. Kaduwa kosamasula kakakhalapo ndimakachotsa, chifukwa kamalanda mphamvu zopangira mizu.

M'chubu ndimasakaniza mchenga wakumtsinje ndi manyowa a masamba owolerana, theka ndi theka. Ndikazika kanthambiko ndimavundikira ndi botolo lapulasitiki lodula kunsi, n'kuika pamthunzi. Mizu imagwira pakatha masabata 4 mpaka 8. Musamazule kuti muone. Tsamba latsopano likatuluka, ndiye kuti zatheka.

Powokera ndimasankha malo owomba dzuwa lam'mawa lokha, poti la masana mu Okutobala limawaula masamba. Dzenje ndimakumba masentimita 50 mulifupi, ndipo ndimataya mita imodzi kuchoka pakhoma la simenti.

Za khomazi ndi nkhani yaikulu. Gardenia amafuna dothi la asidi, pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya 5 mpaka 6, pomwe laimu wa m'simenti amachepetsa asidiyo. Phulusa la pambaula limachita chimodzimodzi, madzi ochapira zovala nawonso, ngakhale madzi a mijigo ina. Ambiri amathira phulusa poganiza kuti akuthandiza mtengo. Chotsatira chake masamba anthete amasanduka achikasu, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira. Apo mtengo ukulephera kuyamwa ayironi, ngakhale ali m'dothimo. Ine ndimasungunula supuni yaikulu imodzi ya feteleza wa sulphate of ammonia, yemwe amaonjezera asidi m'dothi, m'ndowa ya malita 10, n'kuthira pa dothi lonyowa kale kamodzi pamwezi, kupatula Juni ndi Julayi pomwe kuzizira kumaimitsa kukula. Patsinde ndimayala masamba a paini, koma osakhudza khungwa, kuopa chiswe.

M'chilimwe ndimathirira ndowa imodzi kawiri pasabata, osadumphitsa. Dothi likauma kenako n'kukhuta madzi mwadzidzidzi, maluwa amayoyoka asanamasule.

Masamba akada ngati mwaye, ndimatembenuza tsamba. Kunsi kumakhala nsabwe kapena tizilombo toyera ngati thonje, nyerere zikukwera ndi kutsika. Ndimapukuta ndi kansalu koviika m'madzi a sopo pang'ono, madzulo, osalola madziwo kugwera pamizu.

Kudulira ndimadikira maluwa athe. Duwalo ndimagwira paphesi pokha, chifukwa pomwe chala chakhudza pamasanduka pabulauni.