Ulendo wa ku Dar: tinadzuka pakati pa usiku kukaona mwendokasi

Anzathu amene munatsala pa depoti, nkhani za ulendo uja wa ku Dar es Salaam, ku Tanzania, wokaona mwendokasi, mabasi othamanga a mumzindamo, zayamba kumveka zothira mchere wambiri, ndiye a Wapampando andiuza kuti ndilembe mmene zinayendera. Wotsutsa adzatsutse pa msonkhano wa mwezi uno, ali chiimire.

Tinanyamuka anthu 14, madalaivala, makondakitala ndi eni maminibasi atatu. Za Kasungu, Jenda, kuzizira kwa Chikangawa ndi makhotolo a Chiweta sindinenapo, mumakudziwa. Titaoloka Songwe kulowa Kasumulu anatiuza kuti tikankhe wotchi ola limodzi patsogolo. Chimene chinatizunguza mutu ndi choti basi ikangofika pamudzi, dalaivala amatsitsa liwiro kufika 50, poopa apolisi ovala zoyera amene amabisala ndi kamera. Madala athu a njira ya Area 25 anapirira mpaka Makambako, kenako anati, "Achimwene, ine ndikanakhala nditafika kale ku Dar n'kubwerako." Pa phiri la Kitonga, titaona lole ili chagada m'munsi, anakhala chete mpaka ku Mikumi, kumene njovu ndi anyani zinawatsegulanso pakamwa.

Tsopano nkhani ya nthawi, imene ena akuikana.

Wachiwiri kwa mlembi wathu anakatengapo galimoto ku doko la Dar kawiri, ndipo chiyambire pamenepo Chiswahili amachiyesa cha kwawo kwa amayi awo. Ndiye foni ya amene ankatilandira tinapatsa iwo. Anamvetsera, akugwedeza mutu, "sawa, sawa" wambirimbiri, n'kutiuza kuti tikakumane pa siteshoni ya Kimara "saa mbili asubuhi", kutanthauza 2 koloko m'mawa. Mayi Msungichuma anafunsa kuti ndi ofesi yanji imene imatsegula nthawi ya afiti. Iwo anati, "Mayi, kuno si ku Lilongwe, anthu a kuno sagona."

Tinadzuka 1 koloko. Tinasamba, tinavala malaya a gulu atsopano aja, mayi Msungichuma n'kulipira mabajaji asanu, tinjinga tamoto ta matayala atatu, pa mtengo wa usiku. Kufika pa Kimara, kuli zii. Geti lotseka, agalu okha ndi udzudzu wa ku Dar, umene suluma ngati wathu koma umachita kubaya jakisoni. Mlonda wina atamva nkhani yathu anaseka mpaka anatsamira khoma. Iye ndiye anatiphunzitsa kuti Aswahili amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa: 7 koloko m'mawa ndi "saa moja", choncho "saa mbili" ndi 8 koloko. Tinafulumira ndi maola asanu ndi limodzi. Womasulira wathu anati vuto linali netiweki. A Wapampando anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso, osanena kanthu, ndipo amene mumawadziwa mukudziwa kuti apo zinali zitafika poipa. Dzina lakuti "a Saa Mbili" linabadwa pomwepo, ndipo komiti yavomereza kuti likhale.

Komabe ine ndimati kulakwitsa kuja kunatithandiza. Tikanabwera 8 koloko tikanaonetsedwa zokongola zokhazokha. Ife tinaona Kimara ikudzuka: kusanache bwino anthu anali atadzaza kale mlatho wa oyenda pansi, mzere mpaka kunja, ndipo basi ikafika kunali kukankhana koposa kwathu pa Khirisimasi. Ena ankalephera kukwera mabasi awiri, atatu. Mabasi anali ochepa poyerekeza ndi anthu, ndipo otilandirawo sanabise.

Zimene tinaphunzira mu ofesi ndi izi. Mwendokasi, imene imayang'aniridwa ndi bungwe la boma la DART, inayamba kunyamula anthu mu May 2016. Gawo loyamba ndi la makilomita pafupifupi 21, kuchokera ku Kimara kudzera mu Morogoro Road mpaka ku Kivukoni, ndi nthambi zopita ku madera a Morocco ndi Gerezani mu Dar momwemo, ndipo ndalama zambiri zomangira zinachokera ku World Bank. Mabasi ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu, siteshoni zili pakati pomwepo ndipo ndi zokwera kufanana ndi khomo la basi, tikiti umagula usanalowe. Anatiuzanso kuti mtsinje wa Msimbazi ukasefukira pa Jangwani, ulendo umaima.

Kukwera ndiye kunali nkhani. Basi yaitali yopindika pakati, ikuthamanga, kwinaku magalimoto a mabwana ataima pa mdipiti mbali zonse ziwiri. Titadutsa Magomeni, kondakitala wathu wamng'ono uja anaona shopu ya matayala, n'kumenya denga la basi kawiri, "Otsika!" Basi yonse inatembenuka. Dalaivala sanachite n'komwe kuyang'ana pa galasi. Mwendokasi siima pamene wafuna iwe, ngakhale utakhala mlamu wake wa dalaivala.

Mkangano unabuka masana ku Kariakoo, pa chakudya. Poyamba unali wa ugali, nsima ya kumeneko, umene madala a Area 25 anati ukhoza kugwira ntchito ya jeke. Ena anathawira ku chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, ndipo munthu mmodzi, amene sindimutchula chifukwa mkazi wake amawerenga zimenezi, anadya mbale zitatu pa ndalama ya gulu. Kenako kondakitala wamkulu anaika supuni pansi n'kufunsa kuti, "Mwaona kondakitala m'basi muja?" Tonse chete. Anati madaladala, omwe ndi maminibasi a kumeneko, anachotsedwa pa njira imeneyi, ndiye ife tawononga ndalama kudzaombera m'manja chinthu chodzatilanda nsima. Mmodzi wa eni maminibasi anayankha kuti anthu otsika pa Kimara amafunabe galimoto yowafikitsa ku Mbezi ndi m'makwalala, ndipo ntchito ili pamenepo. Kondakitala anati, "Bwana, inu mudzagula sheya, nanga ine ndidzagula chiyani?" Funso limeneli silinayankhidwe, ndipo ndapemphedwa kuliika pa ajenda.

Ine chimene chinandikhudza si basi. Ndi kanjira ka oyenda pansi ndi ka njinga m'mbali mwa Morogoro Road. Malo ena amalonda ndi a bodaboda, a kabaza a njinga zamoto, analanda, inde, koma kalipo, ndipo mwana wa sukulu amadziwa poyenda. Ndinakumbukira pa mlatho wa Lilongwe madzulo, pamene ife, a kabaza, a ngolo ndi amayi osenza madengu timalimbirana phula limodzi, hutala ali pakamwa.

Tikuthokoza onse amene munasonkha, ngakhale inu amene munasonkha malonjezo. Zikomo mayi Msungichuma posunga malisiti onse, kuphatikizapo la mabajaji a usiku, limene a Saa Mbili avomera kubweza pang'onopang'ono. Zikomo a Wapampando potilondolera ku pantoni ya ku Kigamboni, ngakhale munagwira chitsulo ndi manja awiri ulendo wonse wa mphindi zochepa zija. Amene anatenga thumba langa la mpunga wa ku Kyela pa Songwe, ndikumudziwa, ndipo akhoza kulisiya mu ofesi mwakachetechete lisanafike Loweruka.