Khoma lotchinga dothi si mpanda: ntchito yathu ku Salima

Bizinesi yathu ndi yaing'ono: amisiri omanga, wopinda zitsulo, ndi aganyu omwe timalemba malinga ndi kukula kwa ntchito. Tinayamba ndi mipanda ya nyumba, koma chomwe chatikhazika pamsika ndi makoma otchinga dothi pamaploti otsetsereka ndi a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Salima boma, Senga Bay mpaka ku Chipoka. Nyanja itakwera mu 2024 n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete, ofuna ntchito imeneyi anachuluka.

Ambiri amatipeza khoma lawo litagwa kale, ndipo vuto limakhala lomwelomwelo. Mmisiri anamanga mpanda wamba wa njerwa, n'kuthira dothi kuseli kwake. Mpanda umangosenza kulemera kwake komwe ndi mphepo basi. Khoma lotchinga limakankhidwa cham'mbali usana ndi usiku, ndipo likatalika kawiri, dothi limalikankha ndi mphamvu kanayi. Ndiye kubwere mvula ya Januwale. Kiyubiki mita imodzi ya madzi imalemera tani imodzi, ndipo madziwo akasowa potulukira amatsamira khomalo mpaka litapendekeka.

Tisanatchule mtengo timakumba dzenje pamalopo kuti tione dothi. Mchenga wa ku Senga Bay sumasunga madzi, koma umagumukira m'ngalande mukamakumba, ndipo madzi oyenda amaukokolola kunsi kwa maziko. Makande a m'madambo ndiye ovuta zedi: amatupa nthawi ya dzinja, n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo khoma limayenda nawo. Kontirakitala wokupatsani kotesheni pafoni asanaponde pa ploti yanu, m'siyeni.

Khoma losapitirira mita imodzi ndi theka timakonda kumanga la miyala, loima ndi kulemera kwake. Pansi limafunika kukhala lotambalala pafupifupi theka la msinkhu wake, n'kumachepa likamakwera. Likakhala la mita 1.2, pansi ndi masentimita 60, pamwamba 30. Maziko timakumba mpaka pa dothi lolimba, osachepera masentimita 60. Khoma likapitirira mita imodzi ndi theka, kapena ngati pamwamba pake padzakhala nyumba, thanki ya madzi kapena poimika galimoto, sitiyamba popanda pulani ya injiniya. Pamenepo pamafunika konkire ya zitsulo, kawirikawiri Y12 ndi Y10 (zonenepa mamilimita 12 ndi 10), zochoka m'maziko n'kukwera m'khoma. Zitsulo zikuluzikulu zimaikidwa mbali ya dothi, chifukwa ndi mbali imene imakokeka. Amisiri ena amaziika pakati kapena kutsogolo, ndalama za zitsulo n'kungopita pachabe. Chitsulo chikwiririkenso ndi konkire masentimita 5 kuti chisachite dzimbiri.

Kasakanizidwe ndi komwe eni nyumba amaberedwa kwambiri. Konkire ya 1:2:4 ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a miyala ya kwale. Kiyubiki mita imodzi imadya matumba pafupifupi 6. Zomangira miyala ndi thumba limodzi pa mawilibala awiri a mchenga. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala. Ufinyeni m'manja uli wonyowa: ukasiya matope pachikhatho, muli dothi, ndipo simenti sigwira bwino. Werengani matumba opanda kanthu madzulo alionse. Si kukayikira mmisiri ayi, ndi mmene ntchito imayendera.

Gawo lomwe timataya nthawi yambiri pofotokozera makasitomala ndi la madzi, poti silioneka ntchito ikatha. Chakumunsi kwa khoma timaika mapaipi a PVC a mamilimita 50 kapena 75, motalikirana mita imodzi kapena imodzi ndi theka, opendekera kunja. Kuseli timathira miyala ya kwale yoyera, masentimita 30 kuchokera pakhoma, kuyambira pansi mpaka pafupi ndi pamwamba, ndipo pakati pa miyalayo ndi dothi timayala nsalu yosefa kuti matope asatseke mipata. Pamwamba timatseka ndi dothi lotsendera bwino n'kukonza ngalande, kuti madzi a padenga asamathere kuseli kwa khoma. Pali eni nyumba omwe amauza wopaka pulasitala kuti atseke mabowo aja ati akuipitsa khoma. Khoma lotere likapulumuka dzinja limodzi ndi mwayi chabe.

Kukwirira sikufuna phuma. Khoma lithiridwe madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, makamaka m'kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja, pomwe konkire imauma isanakhwime. Imafika mphamvu yake pa masiku 28. Dothi lilowe pang'onopang'ono, masentimita 15 mpaka 20, kutsendera, kenako lina. Makande sitibwezeramo. Lole yothira dothi lonse nthawi imodzi pa khoma laliwisi yang'alula makoma ambiri.

M'mphepete mwenimweni mwa nyanja nkhani ndi ina. Mafunde a mwera, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, amafukula mchenga kutsogolo kwa maziko, khoma n'kugwera kumadzi ngakhale linali lolimba. Kumeneko timakonda magabiyoni, mabokosi a waya odzaza miyala, poti amatulutsa madzi okha ndipo pansi pakatitimira amangopindika osasweka. Wayayo akhale wokutidwa bwino, miyala ikhale yaikulu kuposa maso a waya. Musanamange pafupi ndi madzi, yambani mwafika ku khonsolo.

Pa mgwirizano, zonse zilembedwe: utali, msinkhu, kunenepa kwa khoma, kuya kwa maziko, kukula kwa zitsulo, chiwerengero cha mapaipi, ndi amene agule zipangizo. Pa ntchito yaikulu funsani chiphaso cha kontirakitala cha ku bungwe loyang'anira ntchito zomanga, lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC, ndipo kaoneni khoma lomwe anamanga lomwe lapirira kale mvula. Malipiro timawagawa panayi: maziko akatha, khoma likafika theka, likamalizika, ndi pambuyo pokwirira. Musalole kuthira konkire kapena kukwirira musanaone ndi maso anu ndi kujambula zitsulo, mapaipi ndi miyala. Ifenso timavomera kuti mwini nyumba asunge 5 mpaka 10 peresenti ya ndalama kufikira mvula itatha mu Epulo, ndipo ntchito zatsopano timakonda kuziyamba pakati pa Meyi ndi Seputembala.